Potsikira Pake ndi pa Chiromo

Lolemba, 3 Juni 2024

Andigoneka lero, wodi ya amuna, kuno ku chipatala cha Thorngrove. Bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Pa khadi alemba: Gibson, zaka 71, makilogalamu 49. Makhololo aonetsa chifuwa chachikulu, ndipo chithunzi cha m'chifuwa chaonetsanso zipsera zakale, mphatso ya fumbi la ku Donnington kumene ndinasungunula zitsulo zaka 28. Mapiritsi atatu ofiira m'mawa ndisanadye, ndi kena kakang'ono koyera koti mapazi asachite dzanzi. Sisita Nobuhle wandichenjeza kuti mkodzo usanduka wofiira, ndisadzidzimuke.

Nokuthula, mwana wanga, wabweretsa bulangete, kapu, kope ili ndi buku langa lija. Ndilemba m'chinenero cha bambo anga chifukwa muno palibe angachiwerenge. Ndikhoza kudandaula mmene ndingafunire.

Lachiwiri, 4 Juni

Mawindo onse amakhala otsegula, akuti mphepo nayo ndi mankhwala. Juni wa Bulawayo! Tichira chifuwa n'kufa ndi kuzizira. Mkodzo wafiiradi. Mpweya m'magazi 91, amayeza ndi kachipangizo kopanira chala. Bedi la kumanzere kwanga lilibe munthu.

Lachinayi, 6 Juni

Mphamvu ilipo pang'ono, ndilembe za buku, popeza Sisita wafunsa chifukwa chake ndimaligoneka pansi pa pilo ngati Baibulo.

Lilibe chikuto, ndipo dzina la mwini wake sindilidziwa. Limayambira pa tsamba 9 n'kuthera pa tsamba 212, pakati pa chiganizo. Bambo anga analitola m'zinyalala za mzungu amene ankamuphikira ku Hillside. Chingerezi sankawerenga, koma ataona chithunzi cha bwato ndi bango anati, "Uyu ndi Shire, mtsinje wakwathu." Ine ndinayamba kuliwerenga ndili Sitandade 5, ndipo sindinasiye mpaka lero.

Wolembayo anatsika Shire pa bwato ndi opalasa anayi, zaka zoposa zana zapitazo. Sanali mlenje, sanali mmishonale. Anali munthu wongoyang'ana. Amatha masamba asanu ndi limodzi pa kakowa mmodzi woima pamchenga, kenako n'kuyamba kudzifunsa chifukwa chake munthu amakalamba pamene mtsinje sukalamba. Malemu mkazi wanga Fainess ankati, "Mzungu wanuyo analibe ntchito." Ankanena zoona. Koma ine wobadwira ku Mpopoma, kumene mtsinje ndi ngalande ya mvula ndipo madzi a pampopi timawadikira ngati mlendo, Shire yense amene ndimamudziwa ali m'masamba amenewa. Ku Malawi sindinapondeko.

Loweruka, 8 Juni

Bedi la kumanzere lapeza mwini. Munthu wa zaka ngati 45, waonda mpaka nthiti kuwerengeka, koma mapewa akuonetsa kuti anali chimunthu. Anagwa pa siteshoni ya Egodini akufunafuna kombi, ali pa ulendo wa ku Joni. Anamwino akumulankhula Chindebele, iye wangoti maso tong'o. Nditamumva akubuula kuti "mayo ine" ndati, "Muli bwanji, achimwene?" Anatembenuka ngati wamva mayi ake.

Dzina lake Meshack, wa ku Nsanje. Ndamuuza kuti chinsinsi cha kope langa chatha. Waseka, wati ndisade nkhawa, sukulu analekezera Sitandade 2.

Lolemba, 10 Juni

Makilogalamu 48. Chilakolako cha chakudya palibe, phala ndadya masupuni anayi.

Meshack amupopa madzi m'nthiti, atuluka odzaza botolo, achikasu. Ine ndamasulira pakati pa iye ndi Dokotala Jameson, mkulu wina wa imvi amene amabwera Lolemba ndi Lachinayi. Meshack ali ndi matenda enanso m'magazi, ndipo wachedwa kubwera. Mbali imeneyo ndinaimasulira mofewetsa.

Masana ndafunsa ntchito yake. Wopalasa bwato! Zaka 27 akuwolotsa anthu, njinga ndi mbuzi pa Shire, mpaka chigumula chinatenga bwato ndi munda tsiku limodzi. Ndinaiwala n'chifuwa chomwe. Ndamufunsa za mvuu, za bango, za nkhwazi, mpaka Sisita anati, "Khulu, mlekeni umuntu aphumule." Chiyambire kudwala lero ndasangalala.

Lachitatu, 12 Juni

Kwabwera a Brighton, wapampando wa sosayite yathu ya maliro. Alendo amaima pakhonde atavala zotchinga pakamwa. Abweretsa malalanje asanu ndi limodzi, ndagawana ndi Meshack.

Atapita, Meshack wafunsa za sosayite, ndamufotokozera. Anaiyambitsa ndi makolo athu, anthu a kuchigwa cha Shire amene anabwera kudzagwira ntchito kuno n'kulephera kubwerera. Kunyamula mtembo mpaka kumudzi sikunkatheka, ndiye anapangana kuti bokosi likatsika m'manda, dothi lisanathiridwe, munthu mmodzi azigwada kumutu n'kumuuza womwalirayo njira ya kwawo. Mkulu amene ankachita zimenezi anamwalira mu 1993 osaphunzitsa aliyense. Anthu anati Gibson ndiye ali ndi buku la Shire, achite ndi iye. Njira ya pamtunda ndinaimva kwa bambo anga. Njira ya pamadzi ndinaitenga m'buku.

Ndikudziwa zimene abusa amanena za zimenezi, ine ndemwe ndine mkulu wa mpingo. Amayang'ana kumbali mpaka nditamaliza.

Meshack wati akufuna kuwamva mawuwo. Ndati mawa, tikakhala padzuwa.

Lachinayi, 13 Juni

Ndilemba zonse monga zachitikira.

Anatitulutsa pakhonde cha m'ma teni, aliyense ndi bulangete lake. Ndinanena mawu aja mwaulemu, monga ndimanenera kumanda:

"Iwe uje, dzuka, ulendo wakwana. Kwera sitima ya ku Harare. Utuluke pa Nyamapanda, uwoloke pa Tete, ulowe pa Mwanza, utsetsereke mpaka ku Chikwawa. Pamenepo bwato likudikira. Udutse dambo la njovu, usaope mvuu. Udutse Chiromo, udutse Nsanje. Phiri la Morumbala likhale kumanzere kwako. Ukaona madzi awiri akumana, mtsinje n'kutambalala mpaka tsidya osaoneka, wafika. Upumule."

Ndinadikira kuti ayamikire. Anthu amalira ndikafika pa "upumule". Iye anangoyang'ana zikhadabo zake.

Kenako anati, "Achikulire, mwatumiza angati ndi mawu amenewa?"

Ndinati 64.

Anagwira kumutu. Ndinayesa chifuwa chamuyamba, koma ayi. Anati, "Kumene mukuti wafika kuja si ku Malawi. Malire mwawasiya pa Marka, kutali kumbuyo. Pamenepo ndi pa Zambezi, m'dziko la Mozambiki. Ndipo bwato lopanda wopalasa likalowa pamenepo, kokaima ndi kunyanja yamchere."

Ndinamuuza kuti bambo anga ankanena okha, kangapo konse, kuti kwathu ndi pamene madzi awiri amakumana. Ndipo m'buku, madzi awiri amakumana kumapeto, masamba khumi ndi anayi athunthu akunena zimenezo.

"Ankanenanso chiyani bambo anuwo?"

Ndinakumbuka. Ankati madzi ena ndi ozizira, ochokera kuphiri, ena ndi ofunda, ndipo ali ana ankaima pakati, mwendo wina kuzizidwa wina ayi.

Meshack anati, "Ameneyo ndi Ruo, wochokera ku Mulanje. Amalowa mu Shire pa Chiromo. Ndawolotsa anthu pamenepo zaka zisanu ndi zitatu, mwendo umenewo ndauviika ine. Pa Chiromo pamene mumati udutse paja, m'pamene anayenera kutsika."

Ndinapsa mtima. Ndinati bukuli analemba ndi munthu wophunzira. Iye anati, "Wophunzirayo nkhafi anagwira ndi iye?" Ndinapempha Sisita andibwezere pabedi. Chakudya cha masana sindinadye.

Lachisanu, 14 Juni

Sindinamulankhule Meshack. Ndafufuza buku tsiku lonse.

Tsamba 143. Mzere umodzi. Akuti mtsinje wina unalowa kuchokera kum'mawa masana, opalasa anasangalala n'kumwa madzi ake. Basi. Mutu wonsewo bamboyo anali kalikiliki ndi kulira kwa nkhwazi ndi kukumbuka ubwana wake. Opalasa anasangalala chifukwa madziwo anali ozizira. Mzere umenewu ndauwerenga kwa zaka makumi asanu ndi limodzi osaima.

Loweruka, 15 Juni

Ndasanza kawiri. Sisita wayang'ana maso anga, akuti achita chikasu. Atenga magazi.

Lolemba, 17 Juni

Chiwindi chatupa ndi mankhwala. Mapiritsi ofiira aimitsa, adikira kuti chitsike. Dilipi. Mpweya 89, andiika kapaipi m'mphuno.

Ndalemba mayina onse 64 kumapeto kwa kope. Palibe amene ndamuiwala. Fainess ndi wa 58.

Lachiwiri, 18 Juni

Fainess ankaopa madzi. Tsiku lina tili achinyamata ndinamutengera ku madamu a ku Hillside, anakana ngakhale kufika m'mbali, anakhala pamwala kutali atagwira chikwama. Mvula ikadzaza ngalande ya pafupi ndi nyumba, ankazungulira misewu itatu. Makolo ake anali a mudzi umodzi ndi bambo anga. Munthu ameneyo ndinamukweza bwato yekha, n'kumuuza kuti adutse pakwawo.

Meshack wandikankhira lalanje losenda kale pa kabati. Ndadya. Tayambanso kulankhulana.

Lachinayi, 20 Juni

Dokotala Jameson waona buku pabedi, walitenga, wawerenga mizere iwiri n'kumwetulira. Akuti ndi buku lotchuka, linali m'laibulale ya kusukulu kwawo. Watchula dzina lake ndi la wolemba, koma sindinasunge. Lakhala lopanda dzina moyo wanga wonse, likhale choncho.

Ndamufunsa chinthu chimodzi, kuti limatha bwanji. Wati bamboyo anatsika Zambezi mpaka kunyanja, kumeneko anapeza sitima ya pamadzi ikumudikira, anakwera n'kubwerera kwawo kutsidya la nyanja. Akuti mutu womaliza ndi wokongola kwambiri.

Ndiye kuti mwini buku ankapita kwawo. Kwawo kwa iye. Ine ndinatenga anthu a ku Mpopoma, a ku Makokoba ndi a ku Njube n'kuwaperekeza kukakwera sitima ya mzungu. Meshack ataimva anaseka mpaka kutsokomola magazi, kenako anapepesa. Ine sindinaseke.

Ndapempha dokotala andilole tsiku limodzi lokha, ndipite kumanda ku Luveve. Wandifunsa ngati ndimafika kubafa ndekha. Sindifika. Wati makhololo akadali ndi tizilombo, ndipo popanda kapaipi sindingathe ola limodzi. Wanena mwachifundo, koma wakana.

Loweruka, 22 Juni

Noku, mwana wanga uja, wabwera ndi nkhuku yophika ndi tiyi m'fulasiki. Ndamuuza zonse pawindo. Chichewa amamva bwino, koma poyankha amasakaniza.

"Kanti baba, mama ali ndi Mulungu, angithi? Inu nomwe mumaphunzitsa zimenezo ku church. Mukuzivutitsa chani?"

Ndati ndikudziwa. Koma mayi ake moyo wawo wonse njira ankafunsa ine. Kombi yokwera, potsikira, khomo lolowera kuchipatala, zonse ankati bambo a Noku ndiwo akudziwa. Tsiku lomaliza ndinagwada kumutu kwawo n'kuwauza njira ndi mawu otsimikiza, ndipo ngati anamva, anamvera. Noku anayang'ana kumbali. Nkhuku wadya Meshack, chidutswa chimodzi chokha.

Lamulungu, 23 Juni

Kunabwera amayi a mpingo wina kudzaimba pabwalo. Ndinatseka maso.

Masana ndafunsa Meshack ngati bwato limatha kukwera kuchokera pa Zambezi kubwerera pa Chiromo. Anadzuka n'kutsamira khoma, mawu anamubwerera ngati sakudwala.

"Limakwera, achikulire, koma si masewera. Kutsika ngakhale chipika chimatsika. Kukwera umasiya pakati, umayenda m'mbali mwa bango mmene madzi ndi aulesi. Nkhafi umaiika pansi, umatenga nsungwi yaitali yokankhira. Morumbala akhale kumanja tsopano. M'dambo la Ndindi muli tinjira tambiri tonama, umatsata kumene udzu woyandama ukuchokera. Ukadutsa Nsanje uziviika dzanja. Dzanja likazizira kumbali ya kum'mawa, Ruo wayandikira."

Ndalemba zonse. M'buku mulibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi, chifukwa mwini wake ananyamulidwa. Ndati koma anthu anga sadziwa kupalasa, ndi anthu a m'mafakitale ndi m'makhitchini, ena sanaonepo bwato. Ngakhale nditapita ku Luveve n'kukafuula pamanda onse, akwera bwanji?

Iye anati, "Ndiye munditume ine."

Ndinamukalipira. Ndati asalankhule zopusa, ali ndi mkazi ndi ana anayi ku Nsanje. Iye anati, "Zimene adokotala ananena tsiku lija munazichepetsa pomasulira, koma nkhope yanu ndinaiona. Ku Joni sindikafika. Mwandisunga ngati m'bale wanu kuno kwa eni. Anthu 64 ndi maulendo asanu ndi limodzi, ndinawolotsapo ochuluka kuposa amenewo tsiku la msika."

Ndinatembenukira kukhoma. Sindikufuna kuti afe. Koma ndilembe zoona, popeza kope ndi langa: mtima wanga unapepuka atanena, ndipo ndikuchita manyazi.

Lolemba, 24 Juni

Chiwindi chatsika. Ayambanso mankhwala, mtundu umodzi umodzi, kuti aone umene unandipweteka. Makilogalamu 46.

Meshack sanadye.

Lachiwiri, 25 Juni

Amuika mpweya wa chigoba chotseka mphuno ndi pakamwa. Wachikweza pang'ono n'kunena kuti akadzatsitsa anthu anga pa Chiromo, iye ndimuuze atsike ndi madzi mpaka pa Nsanje, doko la pafupi ndi msika. Mkazi wake ndi Veronica. Nambala ya foni inapita ndi foni pa Egodini, koma wanena dzina la mudzi ndi la mpingo, ndalemba. Noku akuti ayesa kudzera kwa anthu a mabasi.

Lachinayi, 27 Juni

Meshack wamwalira m'mawa uno, nthawi ya tiyi. Ndinali ndikumuuza kuti buledi wa lero ndi wofewa. Sisita Nobuhle anatseka makatani, kenako anabwera kudzandigwira phewa.

Bedi alichotsa nsalu, matiresi aimika padzuwa.

Lachisanu, 28 Juni

Thupi lopanda abale limadikira, kenako limaikidwa ndi anthu osalidziwa, popanda nyimbo. Ndaitanitsa a Brighton.

Ndawapempha kuti sosayite imuike. Anati, "Madala, lamulo mukulidziwa, timaika mamembala ndi ana awo. Munthuyu wadutsa chabe." Ndinaona kuti palibe njira ina. Ndawauza zonse, za Ruo, za tsamba 143, za sitima ya mzungu. Ndawaonetsa mayina pagalasi la windo. Mayi awo ndi a 41.

Zaka 31 anthu awa akhala akundipatsa mpando wakutsogolo ndi kapu yoyamba ya tiyi pamaliro alionse. Ndinaona nkhope ya a Brighton ikusintha pamwamba pa chotchinga chija. Anafunsa funso limodzi: "Ndiye amayi ali kuti?" Ndinati sindikudziwa. Anachoka osatsanzika, malalanje amene anabweretsa anapita nawo.

Mpweya 87.

Loweruka, 29 Juni

Palibe wabwera. Mtundu wachiwiri wa mankhwala wayamba. Mapazi akutupa.

Lamulungu, 30 Juni

A Brighton abwera atatuluka kutchalitchi. A sosayite anakumana dzulo, akuti kunali phokoso. Ena akuti zonsezi n'zachikunja, zithe. Ena akuti Gibson asadzaonekenso pamanda. Mayi wina wokalamba, amene mwamuna wake ndi wa 12, anaimirira n'kunena kuti ngati pali wopalasa, mukudikira chiyani. Avomera. Amuika Lachitatu ku Luveve.

Koma wogwada kumutu palibe. A Brighton akuti Chichewa chawo n'cha moni basi. Amuna ena akuopa, akuti angalakwitsenso. Sindiwadzudzula.

Anandisiyira malalanje awiri. Sanandiyang'ane kumaso.

Lolemba, 1 Julayi

Noku wati awerenga ndi iye. Ndamuuza kuti chiyambire mkazi sanagwadepo kumutu kwa manda m'sosayite yathu. Wati, "Chiyambire munthu sanafikepo kwawo futhi, baba."

Ndalemba mawu pa tsamba lapakati, ndang'amba, Sisita wamupatsira. Wawerenga katatu pawindo, ine ndikumukonza. Lilime lake limalemera pa mayina, ndipo ndinamva chisoni kuti sindinamuphunzitse ali mwana, ndinali kalikiliki ndi Chingerezi cha m'buku. Ndikopera pano kuti asatayike:

"A Meshack, dzukani, ntchito yakwana. Njira ya pamtunda mukuidziwa, mwaiyenda posachedwa. Pa Chikwawa mutenge bwato lalikulu, ndi nkhafi, ndi nsungwi. Mutsike osaima mpaka pamene Shire amalowa mu Zambezi. Mukawasowa pamenepo mupitirire, mufunse mpaka kunyanja. Ndi anthu 64, mayina awo ndi awa. Mukawazindikira, amalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chindebele, ndipo aima pamalo amodzi ngati odikira kombi. Muwauze kuti Gibson analakwitsa, wapepesa. Muwakweze m'mbali mwa bango monga munanenera. Dzanja likazizira, muwatsitse pa Chiromo. Ulendo woyamba mutenge Fainess. Amaopa madzi, akhale pakati, asayang'ane m'mbali, ndipo mumulankhule njira yonse. Mukamaliza mutsike ndi madzi mpaka pa Nsanje, doko la pafupi ndi msika. Mupumule."

Pa dzina la mayi ake, Noku anaima katatu konse. Kachitatu anapitiriza.

Lachiwiri, 2 Julayi

Kupuma kukuvuta. Chithunzi china cha m'chifuwa. Dokotala sanabwere, si tsiku lake, koma anamwino awonjezera mpweya. Bedi la kumanzere mwabwera munthu wina, wa ku Nkulumane. Sitinalankhule.

Lachitatu, 3 Julayi

Meshack akumuika tsopano, ngati asunga nthawi. Ndapempha Sisita andikhazike tsonga kuyambira leveni mpaka thwelofu. Mawu ndanena nawo chamumtima. Mayina onse, mpaka 64.

Lachinayi, 4 Julayi

Dokotala Jameson wakhala pabedi langa, chinthu chimene sachita. Akuti tizilombo tikuchepa, mankhwala akugwira, koma mapapo enieniwo ndi amene atopa, ndipo zipsera zilibe mankhwala. Ndamuthokoza chifukwa chosafewetsa. Makilogalamu 45. Mpweya 84.

Noku wabwera masana, maondo a siketi akadali ndi dothi lofiira, akuti sanafune kuchapa ndisanaone. Kunabwera anthu ambiri kuposa maliro a membala. Powerenga mayina, aliyense akamva dzina la kwawo amayankha kuti "alipo", popanda wowauza. A Brighton anayankha pa 41. Pa 58 anayankha Noku mwini, n'kupitiriza kuwerenga. Uthenga wa kwa Veronica wapita ndi kondakitala wa basi ya ku Blantyre.

Kenako anati, "Ndawonjezera mawu anga, baba. Musakwiye."

Ndati otani.

"Ndamuuza kuti akafika pa Nsanje, bwato alimange zolimba, apumule sibili. Angabuyi masinyane, asabwerenso msanga. Kuno kulibe wina woti adzatenge."

Ndinamuyang'ana. Maso ndi a mayi ake. Za 84 sindinamuuze, ndipo ndinabisa chala pansi pa bulangete ngati kuti nambalayo yalembedwa pamenepo. Ndati wachita bwino.

Ndamupatsa buku kudzera kwa Sisita. Anakana, akuti ndiziwerenga chiyani. Ndati ndaliwerenga mokwanira. Pa tsamba 143 ndadula mzere pansi pa mawu aja ndi bolopeni, ndipo m'mbali ndalemba zilembo zazikulu, m'Chichewa chosavuta choti iye asadzakakamire: PANO NDI POTSIKA. DZANJA LIKAZIZIRA, MUUZE ATSIKE.

Anawerenga ali pakhonde. Anafunsa kuti, "Ndimuuze ndani, baba?"

Belu la alendo linalira, ndipo ndinamubayibitsa.

Lachisanu, 5 Julayi

Mapiritsi atatu. Phala masupuni awiri. Ndapempha madzi ozizira m'beseni, Sisita wadabwa, kuzizira konseku. Ndaviika dzanja kwa kanthawi kuti ndidzawadziwe.